Bibiana ndi Lichero Louluka

Bibiana anali mtsikana wa m'Sitandade 2. Kwawo kunali ku Ndunde. Ankakhala ndi amayi ake, a Bernadetta. Ankakhalanso ndi agogo ake aamuna, a Mikaele.

Bibiana anali ndi dzino limodzi logwedera. Analinso ndi khumbo limodzi lalikulu. Ankafuna kuti amalume ake, a Rafaeli, abwere kumudzi pa Khirisimasi.

Amalume a Rafaeli ankakhala ku Blantyre. Ntchito yawo inali yojambula zithunzi. Chimwalirireni anganga, amayi awo, iwo anali asanapondenso kumudzi. Bibiana ankawasowa kwambiri. Ankasowa nthabwala zawo. Ankasowa kukwera pamapewa awo.

Agogo nawonso ankamusowa mwana wawoyo. Koma kuti avomere? Ayi ndithu! Ukangotchula dzina lake, agogo ankayamba kutsokomola.

"Ndinamupezera ntchito yabwino ya ng'ombe ku Mikolongwe," ankatero agogo. "Iye n'kusankha zojambulajambula. Kodi chithunzi munthu angadye?"

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, bambo," ankayankha amayi.

"Ameneyo si ng'ona," ankatero agogo. "Ndi mwana wanga."

Tsiku lina masana kunamveka belu la njinga. Ngiri, ngiri! Anali a Lameck, oyandikana nawo nyumba. A Lameck ankagulitsa matimati ku Limbe. Tsikuli ananyamula chinthu chaphanthiphanthi, chokulungidwa m'nyuzipepala.

"Odi kuno!" anatero a Lameck.

"Fikani, fikani," anayankha amayi.

"Katundu wanu uyu. Wachokera kwa a Rafaeli. Akuti mukachikonda, abwera pa Khirisimasi. Mukapanda kuchikonda, akuti basi, sakufuna kukusowetsani mtendere."

Mtima wa Bibiana unagunda. Gu, gu, gu! Anathandiza amayi kumasula chingwe. Anathandiza amayi kuchotsa nyuzipepala.

Chinali chithunzi. Chinali chakuda bii, koma chokongola. Pamwamba panali thambo la usiku. Nyenyezi zinali mbwee, paliponse. Pansi panali phiri. Pafupi ndi phiri panali mtengo wopendekeka. Ndipo pakati penipeni panali chinthu chozungulira. Chinali m'mwamba, ngati chikuuluka.

Onse anasuzumira.

"Ine ndikuona ndege," anatero a Lameck. "Ndege yopita ku Joni."

"Ndege yopanda mapiko?" anafunsa amayi. "Kaya, mwina ndi mwezi."

Agogo anavala magalasi awo. Anayang'ana pafupi. Anayang'ana patali. Kenako nkhope yawo inagwa.

"Si ndege," anatero agogo. "Si mwezi. Limeneli ndi lichero."



Paja anthu ena amati afiti amauluka usiku, atakwera m'lichero. Agogo anali munthu wopemphera. Ankati iwo sakhulupirira zimenezo. Koma pakamwa pa anthu ankapaopa kwambiri.

"Lichero louluka usiku, m'nyumba mwanga muno?" anatero agogo. "Anzathu a kutchalitchi akabwera adzati chani? Adzati banja la a Mikaele layamba zotani?"

"Koma agogo," anatero Bibiana, "phirili si lathu, la Chiradzulu?"

"Si lathu," anayankha agogo. Analoza kunja ndi chala. "Taona. Tikakhala pakhonde pano, nsonga yaitali ya phiri lathu ili kumanja. Pachithunzipa ili kumanzere."

"Nanga mtengowu? Si mapeyala athu?"

"Si athu. Mtengo wathu umapendekera kumanzere. Uwu wapendekera kumanja. Mwana ameneyu waiwala kwawo. Waiwala phiri. Waiwala mtengo. Akungojambula zoopsa basi."

Agogo anavula magalasi.

"A Lameck, mawa m'mawa mudzatenge chinthu chanuchi. Mukamubwezere mwiniwake. Mukamuuze kuti sitinachikonde."

Bibiana anamva chisoni. Chithunzi chikabwerera, amalume sabwera. Amalume akapanda kubwera, Khirisimasi sikoma. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Amayi," ananong'ona, "ndingachiyang'aneko pang'ono?"

"Chiyang'ane, mwanangu. Koma usambe m'manja kaye."

Bibiana anasamba m'manja. Anakhala pamphasa. Anaika chithunzi pamiyendo. Anayang'ana, n'kuyang'ana, n'kuyang'ananso. Nkhuku inabwera kudzasuzumira, n'kuchoka. Anzake anamuitana ku fulaye, iye osayankha. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Bibiana anadekha.

Poyamba anaona nyenyezi zokhazokha. Kenako anaona kuti nyenyezizo sizofanana. Zam'mwamba zinali ndi nsonga. Zam'munsi zinali zopyapyala, zazitali, ngati timasamba ta bwemba. Zinkachokera m'lichero, n'kumakwera kumwamba.

Bibiana anayang'ananso. M'mbali mwa lichero anaona timizere tating'ono toyera. Anatiwerenga ndi chala. Tinali zala! Zala uku, zala uku. Anali manja a munthu. Thupi la munthuyo linabisika mumdima. Koma pa dzanja limodzi panali chibangili.

Bibiana anathamangira kukhitchini, chithunzi chili m'manja.

"Amayi, amayi! Lichero silikuuluka lokha. Pali manja! Pali chibangili! Anganga aja sankavala chibangili?"

Amayi anapukuta manja pachitenje. Anayang'anitsitsa. Kenako anapukusa mutu.

"Ankavaladi, mwanangu. Koma ankavala kumanzere. Ankati kumanja chimawasokoneza pogwira ntchito. Ichi chili kumanja. Si anganga ako amenewa."

Bibiana anakweza maso. Pakhoma la khitchini panali lichero lakale la anganga. Agogo sankalola munthu kuligwira. Linali lokhalokha, fumbi lili mbuu.

Phiri, mbali yolakwika. Mtengo, mbali yolakwika. Chibangili, mbali yolakwika. Bibiana anadabwa kwambiri. Kodi munthu angalakwitse zonse? Tsiku limenelo anadya pang'ono. Ngakhale dzino lake anaiwala kuligwedeza.

M'mawa kutacha, agogo anatulutsa chithunzi. Anachitsamiritsa kukhoma pakhonde, kuti a Lameck asavutike. Kenako anakhala pampando wawo, atachifulatira.

Agogo ankameta ndevu m'mawa uliwonse. Anali ndi sopo wawo. Anali ndi lezala lawo. Anali ndi kagalasi kawo, kothyoka pakona. Chibwano chawo ankachinyadira kwabasi. Ankati m'mudzi monse mulibe chibwano chosalala ngati chawo.

Pala, pala, pala! Agogo anameta. Atatha, anaika kagalasi pansi. Anawerama kusukusula kumaso.

Bibiana anatola kagalasiko. Ankafuna kuona dzino lake. Anayasamula. Analikankha ndi lilime. Linapita uku, n'kubwerera uku.

Kenako Bibiana anasiya kugwedeza dzino. M'kagalasi, kuseri kwa khutu lake, munkaoneka chithunzi chija.

Nsonga ya phiri inali kumanja!

Bibiana anacheuka. Pachithunzi, nsonga inali kumanzere. Anayang'ana m'kagalasi. Inali kumanja. Anacheukanso. Kumanzere. M'kagalasi. Kumanja!

Anayang'ana mtengo. M'kagalasi unapendekera kumanzere, ngati mapeyala a pakhomo. Anayang'ana chibangili. M'kagalasi chinali kumanzere, ngati cha anganga.

Ngiri, ngiri! A Lameck anafika. Madengu a matimati anali pakaliyala.

"Mwadzuka bwanji, agogo? Katundu uja ndi ameneyu eti?" A Lameck ananyamula chithunzi.

"Agogo, taonani!" anafuula Bibiana. "Taonani chithunzi!"

"Sindikufuna kuchionanso," anatero agogo. Sanacheuke n'komwe.

"Kamodzi kokha, agogo."

"Ndati ayi."

A Lameck anayamba kutsika pakhonde. Mtima wa Bibiana unagunda. Gu, gu, gu! Atani tsopano? Anayang'ana agogo. Ndipo anaona kanthu. Kunsi kwa khutu la agogo kunatsala thovu la sopo. M'thovumo munali tindevu titatu toyera.

"Agogo," anatero Bibiana mwaulemu, "mwasiya ndevu."

"Ine? Kusiya ndevu? Pati?"

"Kunsi kwa khutu."

"Bwera nako kagalasiko msanga!"

Bibiana anaima kutsogolo kwa agogo. Anagwira kagalasi ndi manja awiri.

"A Lameck, chonde, taimani pomwepo," anatero. "Mukweze pang'ono katunduyo."

A Lameck anadabwa, koma anakweza. Bibiana anapendeketsa kagalasi pang'onopang'ono.

Agogo anaona khutu lawo. Anaona tindevu tija. Kenako anaona za kumbuyo kwawo. Lezala linaima m'malere.

Agogo anayang'anitsitsa m'kagalasi. Bibiana anadikira. Manja ake anayamba kutopa, koma sanatsitse kagalasi.

"Phiri lathu," ananong'ona agogo.

"Eee, agogo."

"Mapeyala athu."

"Eee, agogo. Taonaninso m'mbali mwa lichero. Muli manja."

Agogo anasendeza nkhope pafupi. Anaona zala. Anaona chibangili. Pang'onopang'ono anapisa dzanja m'thumba la malaya awo. Anatulutsa chibangili chamkuwa, chakale. Bibiana sankadziwa kuti agogo amayenda nacho.

"Manja a amake Bernadetta," anatero agogo. "Manja a mkazi wanga."

Amayi anamva ali kukhitchini. Anabwera chothamanga. Nawonso anasuzumira m'kagalasi. Anagwira pakamwa.

"Mwaona, agogo?" anatero Bibiana. "Lichero silikuuluka. Anganga aligwira. Akupeta."

"Akupeta chani usiku?" anafunsa a Lameck. Manja awo anali adakali m'mwamba. "Chimanga sapeta mumdima."

Bibiana anaganiza. Anakumbukira nyenyezi zopyapyala zija. Zinkachokera m'lichero. Zinkakwera kumwamba. Ndi chiyani chopyapyala chimene chimauluka munthu akamapeta?

"Mapiko!" anafuula. "Ndi mapiko a ngumbi!"

Agogo anaseka. Anaseka mpaka mapewa kugwedera.

"Ngumbi! Zoonadi, ngumbi! Mvula ikagwa, ngumbi zinkatuluka pachulu kuseriko. Anganga ako ankazikazinga madzulo. Akatero ankazipeta pansi pa mapeyala. Mapiko ankauluka pa kuwala kwa nyali. Rafaeli anali kamwana ngati iweyo. Ankagona chagada pamphasa, n'kumayang'ana kumwamba. Ankati, 'Bambo, taonani! Amayi akupanga nyenyezi!'"

Agogo anasiya kuseka. Anapukuta m'maso ndi chikhatho.

"Agogo, mukulira?" anafunsa Bibiana.

"Ine? Ndi sopo uyu. Sopo wa masiku ano ndi woyabwa."

Palibe anawatsutsa. Koma onse ankadziwa kuti sopo anali kukhutu, osati m'maso.

"Ndiye ndinyamule, kapena ndisanyamule?" anafunsa a Lameck. "Matimati anga apsa ndi dzuwa."

"Tulani pansi, a Lameck. Tulani bwinobwino. Mwana wanga sanaiwale kwawo. Mukamuuze kuti abwere. Ndipo asachedwe. Ngumbi sizidikira munthu."

Tsiku lomwelo agogo anakhoma msomali pabalaza. Anapachika chithunzi. Anakhomanso msomali wina kukhoma la kutsogolo kwake. Pamenepo anapachika kagalasi.

Anzawo a kutchalitchi anabwera kudzacheza. Anaona lichero, n'kuyamba kuyang'anana.

"Musayang'anane," anatero agogo. "Yang'anani m'kagalasi umo. Chithunzi cha mwana wanga chimafuna anthu odekha."

Ankalankhula ngati anazitulukira okha! Bibiana ankangomwetulira.

Mvula inagwa. Chimanga chinamera. Khirisimasi inayandikira. Tsiku lina masana Bibiana anaona munthu panjira. Anali ndi chikwama kumsana. Nsapato zake zinali matope okhaokha.

"Amalume! Amalume!"

Bibiana anathamanga. Amalume a Rafaeli anamunyamula. Anamuika pamapewa.

"Iii, walemera, iwe! Nanga dzino lapita kuti?"

"Linagwa! Ndinaliponya padenga."

Atafika pakhomo, amalume anamutsitsa Bibiana. Ananjuta pamaso pa agogo.

"Muli bwanji, bambo?"

Agogo anatsokomola. Anatsokomolanso. Kenako anagwira dzanja la mwana wawo. Analigwira nthawi yaitali, osalisiya.

"Waonda," anatero agogo. "Lowa m'nyumba."

M'nyumba amalume anaona chithunzi pakhoma. Anaonanso kagalasi. Anadabwa.

"Nanga kagalasika?"

"Funsa mphwakoyu," anatero agogo. "Iwe unatembenuza phiri. Iye n'kulibwezera m'malo mwake."

Amalume anagwira mutu. Kenako anaseka.

"Pepani, bambo. Ndinaiwala kuwauza a Lameck. Chithunzichi n'chodinda."

"Chodinda bwanji, amalume?" anafunsa Bibiana.

"Bweretsa mbatata ndi khala, ndikuonetse."

Amalume anadula mbatata pakati. Anasemapo kamtengo ndi mpeni. Kamtengoko kanapendekera kumanzere. Anapakapo khala lonyowa. Kenako anadinda papepala. Di!

Bibiana anasuzumira. Papepala kamtengo kanapendekera kumanja!

"Waona?" anatero amalume. "Ine ndimasema pathabwa. Ndimapaka inki. Ndimadinda papepala. Chakumanja chimapita kumanzere. Chakumanzere chimapita kumanja."

"Bwanji simunaseme chotembenuza, kuti chituluke bwino?"

Amalume anayang'ana pansi.

"Zithunzi zina ndimatero. Koma ichi ndinalephera. Posema, ndinkafuna kuona kwathu monga kulili. Ndinkafuna kuona dzanja la amayi monga linalili. Mtima unakana kuwatembenuza."

Agogo anagwedeza mutu, n'kupukuta m'maso. Sananene kuti ndi sopo. Tsikuli kunalibe sopo pafupi.

"Koma bambo," anatero amalume, akumwetulira, "paja munkati chithunzi munthu sangadye."

"Zinazo sindikudziwa," anayankha agogo. "Koma ichi chokha ndakhuta nacho."

Madzulo kunagwa kamvula. Kenako kanakata. Dzuwa litangolowa, Bibiana anaona kanthu kakuuluka. Kamodzi. Tiwiri. Tambirimbiri!

"Ngumbi! Ngumbi zatuluka!"

Amayi anayatsa nyali. Amalume anabweretsa beseni la madzi. Ngumbi zinazungulira nyali. Zina zinagwera m'beseni. Zina zinatera pamutu pa agogo. Bibiana anatola ndi manja awiri. Amalume anaterereka m'matope, phi! Onse anafa nacho chiseko.

Amayi anakazinga ngumbi. Fungo linafika mpaka kwa a Lameck. A Lameck anabwera okha, osaitanidwa, mbale ili m'manja.

Agogo analowa m'khitchini. Anatuluka ndi lichero la anganga. Analipukuta fumbi ndi malaya awo. Analipereka kwa Bibiana. Kenako anatulutsa chibangili chija.

"Dzanja liti?" anafunsa agogo.

"Lamanzere," anayankha Bibiana.

Chibangili chinali chachikulu. Chinatsetsereka mpaka pachigongono. Bibiana sanadandaule.

Amayi anathira ngumbi m'lichero. Anaima kumbuyo kwa Bibiana. Anagwira manja ake, kumuphunzitsa. Tsa, tsa, tsa! Ngumbi zinalumpha, n'kubwerera m'lichero. Mapiko sanabwerere. Anauluka pa kuwala kwa nyali. Anakwera, n'kukwera, kudutsa nthambi za mapeyala. Kumwamba nyenyezi zoyamba zinali zitayamba kutuluka.

Amalume a Rafaeli anayala mphasa. Anagona chagada, n'kumayang'ana kumwamba.

Agogo anawayang'ana. Anatsokomola pang'ono.

"Tasendera uko, iwe," anatero.

Amalume anasendera. Agogo anagona chagada pambali pa mwana wawo. Mawondo awo analira, kwe, kwe! Phewa lawo linagunda phewa la amalume.

Bibiana anasangalala kwambiri, mpaka anaiwala kupeta.

"Bibiana," anaitana agogo, chala chikuloza kumwamba. "Usaleke, mdzukulu wanga. Peta ndithu. Cha uku nyenyezi zachepa."

Ndipo Bibiana anapeta.